Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wodzala mitengo ku Liwonde



Tisanagwire makasu, ndiloleni ndikambe za chimene mtengo umamwa. Mu 1986 ku Chernobyl, ndiponso mu 2011 ku Fukushima m'dziko la Japan, malo opangira magetsi a nyukiliya ataphulika anamwaza poizoni wotchedwa siziyamu-137 pa nkhalango. Poizoniyu mphamvu yake imatsika ndi theka pakapita zaka 30.

Siziyamu amafanana kwambiri ndi potaziyamu, chakudya cha zomera, moti mizu imangomumeza osasiyanitsa, makamaka m'nthaka yoguga. Amakwera ndi madzi m'thunthu mpaka kumasamba. Masambawo akayoyoka n'kuola, mizu imamutolanso, chaka ndi chaka. Mu mkungudza wa ku Japan wotchedwa sugi anapezeka atalowerera mpaka mu mtima wa mtengo. Moto sumupha. Nkhuni zikapsa, wambiri amaunjikana m'phulusa, ndipo bowa amamukoka koposa mtengo weniweniwo. Alimi a ku Fukushima amene ankadula zipika zolimirapo bowa ntchito yawo inaima.

Musanjenjemere, ngozi yotere kuno sinachitikepo. Koma amayi, chidulo chophikira therere mumasungunula kuchokera kuti? M'phulusa. Nanga bowa amene ana athu amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Zomba nthawi ya dzinja? Amazulidwa pansi pa mitengo ya m'nkhalango ya Liwonde. Ife nkhalango timaidya, ndiye chimene chili m'dothi lake ndi nkhani ya m'mbale zathu.

Nkhawa yanga ili pa zinthu zapafupi: mabatire a galimoto ndi a sola amene tikumaswera kuseri kwa nyumba, mtovu wake n'kulowa pansi. Komanso kutsidya kwa Shire, ku phiri la Kangankunde ku Balaka, kuli miyala yamtengowapatali imene dziko likuyembekezera. Chitukukocho tikuchifuna. Pempho langa kwa Bwana DC ndi lakuti dothi, madzi ndi masamba a mitengo yozungulira malo a migodi ziziyezedwa kuyambira tsopano, ndipo zotsatira zake ziziwerengedwa pabwalo la mfumu m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Mbande zalero ndi tsanya, mbawa ndi msangu. Mafumu, tsogolani, ife tikutsatani.