Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Odzipereka Osunga Mbiri ya Njanji ku Chipata



Mafumu athu ndi nduna zanu, akuluakulu a boma ndi a khonsolo ya mzinda wa Chipata, abale athu amene mwadutsa pa Mwami m'mawa uno kuchokera ku Mchinji, madala amene munagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, aphunzitsi ndi ana a sukulu, amayi ndi abambo, ndikupereka ulemu kwa inu nonse.

Mumzinda muno muli anthu amene amaseka akamva za gulu lanu. Amati, kusunga mbiri ya njanji ku Chipata? Njanji yake iti? Ija inatsegulidwa dzana lomweli, imene mbuzi zimagonapo masana osaopa kanthu? Funso lawolo si lopusa, ndipo ndikufuna tiliyankhe bwinobwino, chifukwa mukapanda kuliyankha inu eni ake, palibe amene adzakupatseni ngakhale chitini cha penti.

Tiyambe ndi mmene njanji inatilambalalira. Sitima inawoloka mlatho wa pa Victoria Falls mu 1905. Mu 1906 inafika ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, ndipo mu 1909 inali itadutsa Ndola n'kufika kumalire a Congo. Zaka zimenezo mzinda uno, umene unkatchedwa Fort Jameson, unali likulu la North-Eastern Rhodesia. Maofesi a boma anali kuno, minda ya azungu inali kuno. Koma njanji sinkatsata maofesi, inkatsata migodi, ndipo kuno kunalibe mgodi woti n'kuikoka. Mu 1911 chigawo chathuchi chitaphatikizidwa ndi cha kumadzulo kukhala Northern Rhodesia, likulu linakhala ku Livingstone, kumene sitima inkaima. Ife tinatsala ndi miyendo yathu.

Ndipo miyendoyo inayenda. Kuti apeze ndalama ya msonkho, makolo athu Angoni, Achewa, Ansenga ndi Akunda ankanyamula kamba n'kuyenda pansi masabata, kuwoloka Luangwa, ena kuwoloka Zambezi, mpaka kukafika kumene kunali sitima. Ena anathera kumigodi ya malasha ku Wankie, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena ku Joni, ena ku Kopabeliti. Ambiri analembedwa ntchito pa njanji pomwepo: kusenza zitsulo, kushosha malasha, kupukuta mainjini, kuyenda pansi kuyang'ana ngati bawuti ina yamasuka. Kuyendetsa injini kunali kwa mzungu. Roy Welensky, amene pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu ya Chitaganya, anali dalaivala wa sitima ku Broken Hill pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kukhala pampando umenewo. Mu 1945 antchito akuda a njanji ananyanyala ntchito ku Bulawayo, ndipo sitalakayo inafalikira mpaka ku Broken Hill. Dixon Konkola, amene dzina lake limamveka m'mbiri yoyambirira ya UNIP, anatchukira m'bungwe la antchito a njanji. M'makomboni a njanji amenewo Chinyanja chinkamveka usana ndi usiku. Ena mwa amuna aja anabwerako ndi njinga ndi sutikesi, ena anakhala machona, manda awo ali kuchilendo.

Ndiye munthu akati ku Chipata kulibe mbiri ya njanji, muzimuuza kuti mbiriyo ilipo, koma siili m'zitsulo. Ili m'midzi ya kwa Mpezeni, kwa Gawa Undi, ku Chadiza, ku Petauke ndi ku Lundazi, m'mitu ya nkhalamba ndi m'mabokosi a pansi pa bedi. Zitsulo zimatha pang'onopang'ono. Nkhalamba zimapita usiku umodzi.

Tsopano njanji yathuyi. Anzathu a ku Malawi anaiona sitima kale kwambiri: mu 1908 inayamba kuyenda pakati pa Port Herald, Nsanje ya lero, ndi Blantyre, ndipo mu 1935 inafika ku Salima. Mothandizidwa ndi dziko la Canada anaipitiriza kufika ku Lilongwe mu 1979, kenako ku Mchinji mu 1980. Chotsalira chinali chathu, kachidutswa ka makilomita pafupifupi 27. Ntchito inayamba mu 1982, m'nthawi ya a Kaunda, koma mkuwa unali utagwa mtengo, ngongole zitatipanikiza, ndipo ntchito inaima. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho anakula, kukwatira, kubereka, sitima osaiona. Boma la a Levy Mwanawasa linaidzutsa ntchitoyo mu 2006, koma iwo anatisiya mu 2008 asanaione itatha. Mu Ogasiti 2010 a Rupiah Banda, mwana wa kuno kum'mawa, anaitsegula pamaso pa alendo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Zaka 28 pa mtunda woti mnyamata wa njinga ya kabaza amaupalasa asanamve njala.

Ambiri amene muli pano munalipo tsiku lija. Munavina, munalulutira. Mukudziwanso zimene zinatsatira, kuti panapita zaka sitima isanayambe kunyamula katundu, ndipo ngakhale itayamba sinazolowere kubwera. Sindinabwere kudzaloza munthu chala, koma ana a sukuluwa ayenera kumva chifukwa chake. Sitima siyendera chikondi, imayendera katundu wambiri, wobwera mosadukiza, wopita ndi wobwerera. Pamafunika malo okwezera ndi kutsitsira, nyumba zosungiramo, makina onyamula makontena, ndi a kasitomu pafupi, chimene akatswiri amati doko la pamtunda. Pamafunikanso kuti njira yonse ya kutsogolo ikhale yamoyo, chifukwa mvula ikakokolola mlatho umodzi ku Malawi, sitima ya ku Chipata yaima. Chachikulu n'chakuti njanji yathuyi sikhudzana ndi njanji ina iliyonse m'Zambia muno. Likulu la Zambia Railways lili ku Kabwe, koma palibe njira ya sitima yochoka ku Kabwe kufika kuno osatuluka m'dziko. Mu 2016 boma linasainirana pangano ndi kampani ya ku China loti imange njanji ya makilomita pafupifupi 390 kuchoka kuno kudzera ku Petauke kukalumikizana ndi njanji ya TAZARA ku Serenje. Tikudikirabe.

Komabe musaipeputse. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yathu ndi mamilimita 1,067, muyeso womwewo wa ku Malawi, wa njanji ya ku Nacala ndi wa TAZARA. Tanthauzo lake n'lakuti bogi yopakiridwa nshawa, soya kapena thonje pano ingadutse Mchinji, Lilongwe, Salima, Nkaya, kutulukira pa Nayuchi, kudutsa Cuamba ndi Nampula mpaka kudoko la Nacala, mtunda wopitirira makilomita 1,100, popanda thumba ngakhale limodzi kutsitsidwa panjira. Nacala ndi doko lakuya mwachibadwa, lofikapo zombo zikuluzikulu. Bogi yomweyo ingabwerere ndi feteleza. Mlimi aliyense pano amadziwa kuti mbali ina ya mtengo wa thumba la feteleza ndi dizilo ndi matayala a mathiraki a mu Great East Road.

Njanji yosayendapo sitima ili ndi adani ambiri. Udzu umamera, ngalande zimatsekeka, madzi n'kuyamba kudya dothi la pansi. Wina amatapa miyala ya pa njanji kukathira pamaziko a nyumba yake, osadziwa kuti miyalayo ndiyo imagwira njanji kuti isasunthe komanso imadutsitsa madzi a mvula. Wina amamasula mabawuti kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Wina amalima mpaka kukhudza njanji, wina n'kumangapo kantemba. Palibe mmodzi mwa iwo amene amadziona ngati wowononga, aliyense amangoti n'kanthu kakang'ono, ndiponso sitimayo sibwera. Tsiku limene boma lidzapeze ndalama n'kunena kuti sitima iyambe kuyenda tsiku ndi tsiku, tidzapeza kuti tikumanganso zimene tinamanga kale.

N'chifukwa chake lipoti la mlembi wanu landikhudza. Mwamva nonse: Loweruka la kutchetcha ndi kufukula ngalande, maulendo a m'masukulu kukaphunzitsa ana kuti pa njanji saseweretsapo, zithunzi ndi makalata akale amene mwasonkhanitsa, ndi mmene munaperekezera mnzanu kumanda ndi zopereka za m'matumba mwanu. Palibe amene amakulipirani. Ndaonanso kuti amayi ndi amene amafika molawirira ndi makhasu, koma pa tebulo la akuluakulu a gulu sindinawaone ambiri. A mpando, chimenecho mukonze pa chisankho chikubwerachi.

Zoterezi zinachitikapo kwina. Ku Wales kuli kanjanji kotchedwa Talyllyn, ka makilomita osapitirira 12, kamene kankanyamula miyala yofolera nyumba kupita ku tauni ya Tywyn. Mwini wake atamwalira mu 1950 kanali katatheratu, zitsulo zitakwiririka m'udzu. Mu 1951 anthu wamba otsogoleredwa ndi mlembi wa mabuku Tom Rolt anakatenga n'kuyamba kukayendetsa okha, ndipo kanakhala koyamba padziko lonse kusungidwa ndi odzipereka. Kakuyendabe. Ku KwaZulu-Natal, Umgeni Steam Railway imayendetsedwa ndi odzipereka. Kwathu konkuno, ku Livingstone, shedi yakale ya kampani ya Zambezi Sawmills, imene inkacheka mitengo ya mukusi n'kuitulutsa pa njanji ya ku Mulobezi, lero ndi nyumba yosungiramo mainjini a malasha pansi pa National Heritage Conservation Commission. Ndipo amene mwafikako ku Chichiri ku Blantyre munaiona injini yakale itaima pabwalo la nyumba ya zakale.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye mundilole ndimete pang'ono.

Ndamva achinyamata ena akulota zobweretsa injini ya malasha kuno kuti izinyamula alendo a ku Nc'wala ndi ku Kulamba. Lotolo n'lokoma, koma musayambire pamenepo. Injini ya malasha ndi boyila ya madzi owira pa mphamvu yoopsa, imafuna akatswiri oiyesa, malasha, madzi, shedi, inshuwalansi ndi chilolezo. Magulu olemera kuposa lanu agwa nayo mphwayi. Ntchito imene mungaithe chaka chino, ndi foni imene muli nayo m'thumba, ndi yopita kwa madala ndi agogo aakazi n'kujambula mawu awo. Afunseni mayina a masitesheni, malipiro, chakudya cha m'komboni, nyimbo zimene ankaimba ponyamula chitsulo, mmene uthenga wa maliro unkafikira kumudzi. Musaiwale amayi amene anatsala akulima okha zaka, ndi amene anatsatira amuna awo ku Kabwe kapena ku Mpika. Apezeninso amene anagwira ntchito yoyamba ija ya 1982 ndi amene anaimaliza mu 2010, pamodzi ndi mabanja amene minda yawo inadutsidwa ndi njanji, chifukwa nawonso ali ndi zonena, ndipo si zonse zokoma. Alekeni ayankhule chiyankhulo chawo, kaya Chinsenga, Chichewa kapena Chitumbuka, ndipo zolemba za pa chionetsero zikhale m'chiyankhulo chathu choyamba, Chingerezi pansi pake. Pepala lililonse limene mwabwereka, lembani mwini wake, jambulani, bwezani. Mukataya chiphaso cha ntchito cha agogo a munthu mmodzi, mudzi wonse udzakutsekerani zitseko.

Chinanso, njanji ili ndi eni ake ndi malamulo ake. Musakwere, musamasule, musapente kanthu musanagwirizane ndi a Zambia Railways, ndipo mgwirizanowo ukhale wolembedwa. Ngakhale sitima itasowa miyezi, muzigwira ntchito ngati ikubwera ola lomwelo, ndipo muike munthu woyang'ana mbali zonse ziwiri. Za ndalama, msungichuma aziwerenga poyera pa msonkhano uliwonse, ngwee iliyonse. Magulu ambiri abwino m'chigawo chino sanaphedwe ndi umphawi, anaphedwa ndi kabuku ka ndalama kamene kanasowa.

Abale a ku Mchinji, kubwera kwanu si kwaulendo chabe. Njanjiyi ndi imodzi, anthu ake ndi amodzi, ndipo inu muli ndi madala amene anaphunzira ntchito ku Limbe sitima za malasha zikuyendabe. Mutibwereke nzeru zawo. Mafumu athu, ndikugwada pamaso panu: mawu anu pa bwalo amaposa chikwangwani chilichonse. Mukanena kuti miyala ya pa njanji siitapidwa ndipo malo a m'mphepete mwake sagawidwa, zidzamveka. Akuluakulu a khonsolo, anthuwa sakupempha galimoto, akupempha chipinda chimodzi chosadontha, chokhala ndi loko, choti asungiremo zimene asonkhanitsa. Aphunzitsi, mwana aliyense apatsidwe ntchito ya kunyumba yofunsa agogo ake funso limodzi: munayamba mwakwerapo sitima, kuti, ndipo munkapita kukatani?

Kwa ine, ndalembetsa dzina langa m'kaundula wanu ndipo chopereka changa cha chaka chino ndapereka kwa msungichuma, risiti ndalandira. Pa Loweruka lotsatira la ntchito mundisungire chikwakwa.

A mpando, ndi chilolezo cha mafumu, ndikulengeza kuti chionetsero cha zithunzi ndi zida za njanji chatsegulidwa. Madala opuma ntchito atsogole, ana a sukulu atsatire pambuyo pawo kuti azifunsa, enafe tilowa pomaliza.