Mwana Wobadwa Mtima Uli Kumanja

Amayi nonse amene mwabwera kuno kusikelo, lero tikambirane za chinthu chosachitika kawirikawiri, koma chimene chimadzetsa mantha m'banja.

Ikani dzanja pachifuwa cha mwana wanu. Mudzamva mtima ukugunda cha kumanzere. Koma mwa ana pafupifupi 12,000 alionse, mmodzi amabadwa mtima utaloza kumanja, chimene madokotala amachitcha dextrocardia. Zimenezi zimachitika m'masabata oyambirira a pathupi, pamene mtima ukuumbika, mwina mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Si ufiti ayi, ndipo wina asakunamizeni kuti munalakwira mwambo.

Mwa ana ena ziwalo zonse za m'kati zimasinthana malo, chiwindi kumanzere, chifu kumanja. Ambiri a iwo amakula bwino mpaka kukalamba, ngakhale ena amavutika ndi chifuwa chosatha, mamina ndi mafinya m'khutu. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi pamene mtima wokha ndiwo wapita kumanja, pakuti mtima wotere kawirikawiri umakhala ndi chilema china, monga chiboo pakati pa zipinda zake.

Adokotala akakayika amajambula chifuwa, kapena kupima ndi makina a ECG. Amamata timawaya pamikono, pamiyendo ndi pachifuwa, ndipo makinawo amalemba mizere papepala. Musaope, salowetsa magetsi m'thupi, amangolemba mphamvu yochokera mumtima. Mtima ukakhala kumanja, mizere ina yoyenera kuloza m'mwamba imaloza pansi. Komatu zomwezi zimaonekanso wopima akasinthanitsa waya wa mkono wamanja ndi wamanzere, ndipo mwana wolira ndi kuphiriphitha amasokoneza aliyense. Chosiyanitsa ndi mizere ya pachifuwa: pa mtima wa kumanja imanka nicheperachepera kulowera kumanzere. Motero musadabwe akapimanso kachiwiri, timawaya ataika mbali ya kumanja.

Mwana akamatopa ndi kutuluka thukuta poyamwa, akamapuma mofulumira, lilime ndi nkhama zikamabiriwira, kapena sikelo yake ikaleka kukwera, thamangirani naye kuchipatala osadikira tsiku la sikelo.

Akakuuzani kuti mwana wanu ali ndi mtima kumanja, pemphani kuti alembe m'buku lake la kuchipatala, ndipo akakula mumuuze. Ngati ziwalo zake zinasinthana malo, tsiku lina akadzadwala apendikisi ululu ungathe kumveka kumanzere kwa mimba, ndipo adokotala osadziwa angachedwe kuzindikira nthendayo.