Nyika, Mtsuko wa Nyanja Yathu

Nkhani ya lero iyambira pa mchenga wa ku Senga Bay, m'boma la Salima.

Msodzi wa kumeneko amadziŵa mwera ndi mpoto, koma kaŵirikaŵiri safunsa kumene achokera madzi onyamula bwato lake. Ena mwa madziwo amagwa ngati mvula pa Nyika, dziko la udzu wokhawokha la pamwamba pa mapiri, kumpoto kwa Rumphi.

Munthu wa ku Salima wofuna kukaonako amatsata msewu wa m'mphepete mwa nyanja kudzera ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, nakwera ku Mzuzu mpaka ku Rumphi. Kuchokera apo msewu umaloŵa pa chipata cha Thazima kufikira pa Chelinda, pogona alendo. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Nganda ipitirira mamita 2,600. N'chifukwa chake wozoloŵera kugona pakhonde chifukwa cha kutentha amadabwa kupeza kuti m'mwezi wa June mame amaundana pa udzu ngati mchere.

Kumtunda kumeneko maso alibe chowatchinga. Zitunda zimangotsatana ngati mafunde, ndipo mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera monga ng'ombe kudambo. Nthaŵi ya dzinja kumaphuka maluŵa a mtundu wa chikanda, mitundu yoposa 200. Alendo okonda kuyenda pansi amanyamuka pa Chelinda pamodzi ndi mlonda wa nyama, nagona m'mahema, natsikira ku Livingstonia tsiku lachitatu. Akafika m'mphepete mwa phiri amaiona nyanja ili phee pansi pawo.

Boma linapatula Nyika kukhala malo osungirako nyama m'chaka cha 1965, nilikuza malire ake mu 1978. Pa kukuzako mabanja ambiri anasamutsidwa m'midzi ya makolo awo, ndipo mlendo ayenera kukumbukira zimenezi poyenda m'menemo.

Koma chuma chenicheni cha Nyika chili pansi pa udzu. Mizu ndi madambo zimamwa mvula, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mtsinje wa North Rukuru umayambira komweko nukathira m'nyanja ku Karonga. Mitsinje ina imathira mu South Rukuru. Moto wolusa ukapsereza udzu m'chilimwe, kapena anthu akakumba chikanda mosasiyako, nthaka imatsala pambalambanda. Mvula imakokolola dothi, ndipo matope amakakwirira miyala ya m'mitsinje m'mene mpasa ndi sanjika zimaikira mazira.

Choncho wopita ku Nyika atenge chofunda chochindikala, amvere mlonda, ndipo asachoke pamene wagona moto usanazimiretu. Wotsala ku Salima naye adziŵe kuti usipa umene wayanika pa thandala uli pa ubale ndi udzu umene sanauonepo.

Tsalani bwino.