Dziko la Ayuda ndi Aarabu Okhalamo

Madzulo ano nkhani yathu iyambira muno mu Livingstone.

Mu mzinda uno muli nyumba yakale imene Ayuda anamanga m'caka ca 1928 kuti ikhale sunagoge wao. Ambiri a iwo, monga Elie ndi Harry Susman ogula ng'ombe ku Barotseland, anacokera ku Lithuania, kumene Ayuda anali ocepa ndi onyozedwa. Lero m'nyumbamo mupemphera Akristu, koma itikumbutsabe kuti Ayuda adziwa kuwawa kwa kukhala owerengeka pakati pa anthu a mtundu wina.

M'caka ca 1948 Ayuda anakhazikitsa dziko lao la Israel. Pa nkhondo ya nthawi imeneyo Aarabu ngati 700,000 anathawa kapena kupitikitsidwa, koma ngati 150,000 anatsala. Lero mwa nzika zisanu za Israel imodzi ndi Mwarabu. Ambiri ndi Asilamu, ena Akristu, ena Adruze. Tsono amene anali ocepa dzulo ndiwo ocuruka lero. Kodi awasunga bwanji anzao?

Aarabu amenewa aponya voti, ndipo ali ndi aphungu mu Knesset, nyumba ya malamulo. Salim Joubran, Mwarabu wacikristu, anali woweruza m'bwalo lalikulu koposa, ndipo mu 2021 cipani ca Mansour Abbas cinagwirizana ndi Ayuda popanga boma. Izi nzoona. Komanso nzoona kuti kufikira 1966 Aarabu anali pansi pa asilikari, osaloledwa kuyenda kutali popanda kalata. Inu akuluakulu amene munanyamula citupa mudziwa kulemera kwace. Mu 2018 lamulo latsopano linanena kuti ufulu wa kudzilamulira monga mtundu m'dzikomo ndi wa Ayuda okha, ndipo Ciarabu cinaleka kulingana ndi Cihebri monga cinenero ca boma.

Nkhondo ikabwera, zonsezi ziyesedwa. Pa 7 October 2023 a Hamas anapha Ayuda pamodzi ndi Aarabu a mu Israel. Koma nkhondo ya ku Gaza itayamba, Aarabu ena anagwidwa kapena kucotsedwa nchito cifukwa ca mau amene analemba pa intaneti. Mantha amcititsa munthu kukayika mnansi wace.

Tisaloze cala kutali kokha. Mu 1991 Pulezidenti Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lacikristu, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'malamulo akulu, pamodzi ndi lonjezo la ufulu wa cipembedzo. Muno mu Livingstone tigula ndi kugulitsa pamodzi ndi Asilamu ndi Ahindu. Demokalase yeniyeni siithera pa kuwerenga mavoti ai. Ioneka pa zimene ocuruka awacitira ocepa tsiku la mantha. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Gonani bwino nonse.