Za malonda athu a ku Kulamba



Kumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse timakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, pomwe mafumu a Achewa a mayiko atatu amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Anthu amakhamukirako kukaona Gule Wamkulu. Ife, tinene zoona, timapita ndi madengu a zitenje, mandasi ndi mtedza wokazinga, ndipo mpamba wake ambiri timakongola m'magulu athu.

Mu 2023 mnzathu wa ku Malawi anakongola kwacha ya Zambia ku gulu la ku Chipata kuti akaode zitenje. Malonda anayenda bwino, ndalama zake anasinthira pa Mwami n'kubwerera kwawo. Mu Novembala, asanamalize kubweza, kwacha ya Malawi inagwa ndi 44 peresenti, ngongole n'kumukulira ali mtulo. Iye ankati abweza monga zinalili tsiku lokongola, gulu linkati libwezeredwe kwacha ya Zambia. M'buku munangolembedwa "kwacha", osatchula ya dziko liti. Tinatsala pang'ono kudana, amayi oti timalirirana maliro.

Tsopano tagwirizana kuti msungichuma azilemba ndalama ya dziko imene mwakongola, ndipo muzibweza yomweyo, mboni ziwiri zitasaina. Ofuna mpamba wa Kulamba wa chaka chino, bwerani ndi timabuku tanu kwa alembi tisanabalalike.