Anamwino Athu, Manja a Mpingo kwa Odwala

Abale ndi alongo, pokondwerera zaka 50 za mpingo wathu kuno ku Kafue, tiyeni tithokoze anamwino amene timapembedza nawo muno.

Akuluakulu mukukumbukira zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatilanda anthu sabata ndi sabata. Anamwino athu akaweruka ku chipatala ankayenda ndi amayi a chigwirizano ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, kuphunzitsa mabanja kusambitsa wodwala ndi kumutembenuza kuti asatuluke zilonda. Boma litayamba kupereka ma ARV mwaulere mu 2005, iwowa ndiwo anatilimbitsa mtima kuti tikayezetse. Kolera itabuka mu 2023, anatiikira ndowa za madzi a klorini pakhomo la tchalitchi.

Lero nkhondo yawo ndi ina. Ena mwa ife akapemphereredwa amataya mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, ati achira. Pakapita miyezi timawaperekeza kumanda. Ife abusa pamodzi ndi akulu a mpingo tikunena poyera: pempherani, koma mankhwala muzimwabe. Namwino akakuyezani tikatuluka m'mapemphero n'kukuuzani kuti mupite ku chipatala, musazengereze. Komanso tisamawafunse za matenda a anzathu, chinsinsi chimenecho n'cha wodwala.

Ambuye adalitse manja awo.