Liwiro Lichepe Basi Isanafike pa Kona

Nkhani yokambidwa kwa madalaiva a mabasi ndi kwa anthu a paulendo.

Akulu-akulu ambiri akukumbukira mabasi a Nyasaland Transport Company, imene pambuyo pache inadziwika ndi dzina lakuti UTM. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 mabasi amenewa ndiwo anali kunyamula anthu pakati pa Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ndipo miseu yambiri inali yapfumbi. Chiongolero chao chinali cholemera, magiya anali obvuta kulowetsa, ndipo pamwamba pao panali kudzaza matumba a chimanga, njinga ndi madengu a nkhuku. Basi yotere inali kuphunzitsa dalaiva lamulo limodzi limene silinasinthe kufikira lero: liwiro lichepetsedwe basi isanafike pa kona.

Chifukwa chache ndi ichi. Basi ikamakhota, kulemera kwache kumaikankhira kunja kwa kona. Mphamvu imeneyi imakula msanga koposa liwiro. Dalaiva akalowa pa kona ndi makilomita 60 pa ola m'malo mwa 30, mphamvuyo imakula kanai, osati kawiri. Tsono ngati katundu wolemera ali pamwamba, basi imapendekeka mosabvuta, monga momwe amadzandirira munthu wosenza mtolo wautali. Kuponda mabuleki mwamphamvu pakati pa kona kumaonjezera bvuto, makamaka pa matope kapena pa timiyala, pakuti matayala amaterereka.

Kotero dalaiva wanzeru amaponda mabuleki mseu ukali woongoka, nalowetsa giya yaing'ono, nakhota pang'onopang'ono ali ku dzanja lache lamanzere. Pa kona yobisika amaliza hutala, ndipo sayesa kupitirira galimoto ina. Amakumbukiranso kuti basi ndi yaitali: matayala a pambuyo amadutsa pafupi ndi m'kati mwa kona koposa a patsogolo, ndipo akhoza kugwera m'ngalande kapena kuponda wa panjinga.

Pa mitsetse yaitali ya makona ambiri, monga wa Chiweta ku mpoto kapena wotsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, mabuleki amatentha ngati apondedwa kosalekeza, ndipo akatentha amaleka kugwira. Apo injini ndiyo iyenera kugwira basi. Giya yaing'ono ilowe pamwamba pa phiri, pakuti basi ikayamba kuthamanga giyayo ikhoza kukana. Kutsika phiri basi itachotsedwa m'giya pofuna kusunga mafuta ndiko kusewera ndi miyoyo ya anthu.

Anthu a paulendo nawonso ali ndi mbali yao. Asaumirize kondakitala kukweza katundu wopyola muyeso, ndiponso asafulumize dalaiva chifukwa chofuna kupeza msika usanathe. Aphunzitsi achenjeze ana a sukulu kuti asaime, asasewere, kapena kuolotsa ng'ombe pa kona, kumene dalaiva sangathe kuwaona ali patali. Kuchedwa pang'ono pa kona iliyonse sikuononga ulendo, koma basi ikagubuduka maliro amagwa m'midzi yambiri tsiku limodzi.